Land Cruiser ya mphatso yomwe aliyense ankati silipira road tax

Ntchito yanga ndi ya mapepala a magalimoto. Ndimayendera mipingo, masukulu a mishoni ndi timabungwe ting'onoting'ono muno mu Lusaka pa nkhani za kulembetsa galimoto, kusintha umwini, fitinesi (satifiketi yoti galimoto yayezedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pa msewu) ndi road tax. Fayilo yomwe ndikufotokoza pano inandidyera miyezi itatu, chonsecho yankho lake linali pa risiti imodzi yomwe ndinaigwira m'manja tsiku loyamba lomwe. Eni nkhani anavomera kuti ndiilembe, bola ndisatchule mpingo, munthu, kapena ofesi ya kazembe yomwe ikukhudzidwa.

Foni inalira Lachisanu cha m'ma 4 koloko madzulo, nthawi yomwe aliyense wa ntchito yathu amadziwa kuti palibe chitheke mpaka Lolemba. Anali amayi oyang'anira kachipatala ka mpingo wina kum'mawa kwa mzinda, cha ku Mtendere uko. Galimoto yawo inali itagwidwa pa Great East Road, kufupi ndi toll gate ya Chongwe, ikuchokera kumaliro kumudzi.

"Atate, atigwirira motoka pachabe," anatero. "Motoka ija silipira msonkho. Tili nayo kalata."

Ndinafunsa kuti kalata yochokera kuti.

"Ya ku embase, komwe anatipatsa."

Mawu akuti "tili nayo kalata" ndawamva kambirimbiri. Nthawi zambiri kalatayo imakhalapodi, ili ndi chidindo chenicheni ndi siginecha ya munthu wamkulu. Vuto limakhala lakuti imanena nkhani ina, osati yomwe mwini wake akuganiza.

Mbiri ya galimotoyo

Inali Toyota Land Cruiser ya dizilo, ya mipando yoyang'anizana kumbuyo, mtundu womwe ma mishoni amaukonda chifukwa sugonja pa msewu wa fumbi. Inalowa m'dziko muno ngati galimoto ya ofesi ya kazembe wa dziko lina, inavala nambala ya CD, yomwe imapatsidwa magalimoto a akazembe, ndipo inatha zaka zingapo ikuyendera pulojekiti ya zaumoyo ku Eastern Province, mbali za Katete ndi Chadiza. Pulojekiti itatha, ofesiyo inapereka galimotoyo kwa kachipatalaka. Panali mwambo, kwaya inayimba, makiyi anaperekedwa kwa abusa pamaso pa mpingo wonse.

Pamodzi ndi galimotoyo panabweranso munthu. Dalaivala yemwe anaiyendetsa kuyambira ili yatsopano anali atapuma ntchito ku embase, ndipo mpingo unamulemba kuti apitirize nayo. Ndi bambo wachikulire, wosamala kwambiri, yemwe amadziwa kulira kwa injiniyo ngati mpumo wa mwana wake. Iwowa ndiwo anakhala mboni yaikulu pa nkhani yonseyi, ndipo sananamepo ngakhale mawu amodzi.

Lolemba m'mawa amayi aja anandipatsa chikwatu cha buluu momwe munali mapepala onse. Pamwamba panali kalata ya mphatso, ya m'Chingelezi, yokhala ndi chiganizo chimodzi chonena kuti galimotoyo ikuperekedwa popanda dyuti kapena misonkho yoti olandira alipire. Pansi pake panali kalata ya ku unduna wa zachuma yovomereza kachipatalako ngati bungwe lothandiza anthu, lomwe timati PBO. Kenaka mapepala a ZRA, bungwe lotolera misonkho, olola kuti galimotoyo ichoke m'manja mwa ofesi ya kazembe kupita kwa kachipatalako popanda kulipira dyuti. Buku la galimoto linali lija timati red book, la galimoto yosalipiridwa dyuti, osati white book. Nambala ya CD inabwezedwa kalekale, galimoto inalembetsedwanso ndi nambala wamba m'dzina la matrasti a mpingo, ndipo pa mzere wa mtundu wa galimoto panalembedwa kuti station wagon.

Kunsi kwenikweni, itapindika panayi, kunali risiti ya road tax ya chaka chimodzi. Inalipidwa sabata yomwe ya mwambo wa makiyi, ndipo analipira ndi a ku ofesi ya kazembe, ngati njira yoperekera mphatso yosasiya chotsala. Opereka anachita zonse molongosoka. Chaka chija chitatha palibe anapitanso kukalipira, ndipo pofika tsiku logwidwa panali patadutsa zaka ziwiri ndi miyezi isanu. Disiki ya road tax inali ikadali pa galasi, itayera ndi dzuwa moti deti silinkaoneka.

Wina angafunse kuti galimoto ingayende bwanji mu Lusaka nthawi yonseyo osapezeka. Mpingo unalemba mawu akuti AMBULANCE m'mbali zonse ndi mtanda pa zitseko, ndipo ulendo wake wa masiku onse unali wopititsa odwala ku zipatala zikuluzikulu za Levy Mwanawasa kapena UTH. Palibe amafuna kuchedwetsa mayi yemwe ali pa matenda. Lachisanu lija m'galimoto munalibe wodwala. Munali anthu khumi ndi mmodzi ochokera kumaliro, pamwamba pali matumba a chimanga ndi thumba la makala.

Zitseko zitatu zomwe anthu amaziyesa chimodzi

Apa ndiyenera kukhalitsa pang'ono, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amagwera, ngakhale ena mwa ife ogwira ntchitoyi.

M'Chinyanja chathu mawu akuti msonkho amakuta zonse. Dyuti ya pa boda ndi msonkho, wa pa phindu ndi msonkho, road tax ndi msonkho, ngakhale ya pa toll gate ena amangoti msonkho. Munthu akamva kuti "simulipira msonkho" amaganiza kuti zitseko zonse zatseguka. Koma chitseko chilichonse chili ndi mlonda wake ndi lamulo lake.

Dyuti ndi VAT ya katundu wolowa ndi za ZRA, pansi pa malamulo a kasitomu. Mapepala a ZRA m'chikwatumo ankanena za chitseko chimenechi chokha. Kalata ya PBO imaperekedwa pansi pa Income Tax Act, ndipo imathandiza bungwe pa nkhani ya msonkho wa ndalama zomwe limapeza komanso popempha rebate, kutanthauza kuchotseredwa dyuti, pa katundu wa ntchito yake. Simutchulidwa road tax m'menemo. Road tax, yomwe dzina lake lenileni ndi laisensi ya galimoto, ili pansi pa Road Traffic Act No. 11 ya 2002, lamulo lomwe linakhazikitsa RTSA, bungwe loona za malaisensi ndi chitetezo cha pa msewu. Imawerengedwa potengera kulemera kwa galimoto, ndipo ndalama zake ndi zina mwa zomwe zimapita ku thumba la misewu loyang'aniridwa ndi National Road Fund Agency. Polipira road tax pamabweranso carbon tax, yomwe imatengera kukula kwa injini. Za pa toll gate ndi lamulo linanso, Tolls Act ya 2011.

Nanga omwe salipira road tax ngati ife tonse ndani? Omwe timawaona tsiku ndi tsiku ndi magalimoto a boma a nambala ya GRZ, a asilikali, ndi a akazembe. Boma silingadzilipiritse lokha, ndiye pamenepo palibe chodabwitsa. Za akazembe zimachokera ku Pangano la ku Vienna la 1961: ndime 34 imawachotsera misonkho yambiri ya dziko lomwe akugwirako ntchito, ndime 36 imawalola kulowetsa katundu wa ofesi yawo popanda dyuti. Kuno kwathu panganoli limagwira ntchito kudzera mu Diplomatic Immunities and Privileges Act, Cap 20, ndipo mapepala ake amadzera ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena. Mukaonetsetsa, onsewa akukhululukidwa chifukwa cha yemwe ali mwini wake. Palibe chomwe chili pa chitsulo cha galimotoyo. Tsiku lomwe nambala ya CD inamasulidwa pa Land Cruiser ija, ufulu wonse unatsalira ku embase pamodzi ndi ma sikuluu ake.

Zonsezi ndinkazidziwa Lolemba lija. Risiti ya chaka chimodzi inali umboni wokwanira: ngati galimotoyo inali yokhululukidwa m'manja mwa mpingo, opereka akanalipiriranji? Ndikananena tsiku lomwelo kuti amayi, pano pali ngongole, tiyeni tiyambe kusonkha. Sindinatero.

Pomwe ndinalakwitsa ine

Abusa anandiitana Lachiwiri. Ndi munthu wamkulu, woti ndi bambo anga pa msinkhu, ndipo mpingo wawo wandipatsa ntchito zaka zambiri. Anali ndi foni m'manja. Mwana wa mkulu wina wa mpingo, yemwe ndi nesi ku Leeds, anali atatumiza pa WhatsApp chithunzi cha tsamba la boma losonyeza kuti magalimoto a mabungwe onyamula anthu olumala salipira, magalimoto akale oposa zaka 40 salipira, ndi ena otero.

"Mwanawanga, taona," anatero abusa. "Ndi lamulo la boma ili. Ife timanyamula odwala ndi olumala sabata iliyonse."

Zomwe zinali pa chithunzicho ndi zoona, koma ndi za ku Britain, komwe nkhani za laisensi zimayendetsedwa ndi DVLA. Kumeneko wolumala wolandira chithandizo china cha boma akhoza kukhululukidwa pa galimoto imodzi, galimoto ya zaka zoposa 40 ikhoza kulembedwa ngati yakale n'kusiya kulipira, ndipo mpaka April 2025 magalimoto a magetsi sankalipira. Koma ngakhale kumeneko, wokhululukidwa amayenera kulembetsabe galimoto yake chaka ndi chaka, n'kupatsidwa laisensi ya ziro. Kukhululukidwa sikuti ungokhala chete pakhomo. Ndipo lamulo la ku Leeds silingatulutse galimoto yogwidwa ku Chongwe. Kuno kwathu mpumulo womwe ndimawathandiza nawo anthu olumala kawirikawiri ndi wa dyuti ya galimoto yokonzedwa mwapadera, ndipo umayamba ndi kulembetsa ku ZAPD, bungwe loona za anthu olumala lomwe likugwira ntchito pansi pa Persons with Disabilities Act ya 2012. Chimenechonso ndi chitseko cha kasitomu.

Ndinafotokoza, koma mofewa mopitirira muyeso. Abusa anati bwanji tilembe kalata yopempha kuti atitsimikizire kuti ndife okhululukidwa, tiphatikepo mapepala athu onse. Ndinavomera. Ndinadziuza kuti kalata ya yankho ikabwera idzawatsimikizira kuposa pakamwa panga, ndipo ine sindidzaoneka ngati mwana wotsutsa akulu. Kunena zoona, ndinkaopa kutaya kasitomala, komanso manyazi anandigwira.

Kusankha kumeneko kunatha masabata atatu. M'masabata amenewo kachipatala kankalipira takisi pa wodwala aliyense wotumizidwa ku chipatala chachikulu, ndipo usiku wina mayi woyembekezera anapita pa kabasi kobwereka kwa membala. Anafika bwino, tithokoze. Koma akanapanda kufika bwino, mbali ya mlanduwo ikanakhala yanga, chifukwa yankho ndinali nalo ndipo ndinalisunga m'thumba pofuna kusunga ulemu. Kwa anzanga a ntchito ndinganene kuti kalata yofunsa chinthu chomwe ukuchidziwa kale si kusamala ayi. Ndi kukankhira wina ntchito yonena nkhani yowawa.

Chomwe chinathetsa kudikira si kalata. Ndinatenga amayi oyang'anira aja n'kupita nawo limodzi ku ofesi ya RTSA kuti akadzionere okha. Wogwira ntchito pa kauntala analemba nambala mu kompyuta, n'kutiwerengera zomwe zinatuluka: mwini wake matrasti a mpingo, gulu wamba, laisensi inatha tsiku lakuti, fitinesi inathanso. Kenaka anafunsa mwaulemu funso limodzi, lomwe tsopano ndimafunsa kasitomala aliyense wondiuza kuti salipira.

"Amayi, ndi pepala liti pamenepa lomwe likutchula laisensi ya galimotoyi kuti isalipidwe?"

Anatembenuza chikwatu chonse kawiri. Tikutuluka anangoti, "Safunsa anadya phula." Sindinayankhe, chifukwa phulalo tinadyera limodzi.

Msonkhano wa komiti

Komiti inakumana Lamlungu mapemphero atatha, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Adalaivala anaitanidwa. Anaimirira atagwira chipewa m'manja.

"Abusa, ine motoka iyi ndaiyendetsa kuyambira ili ndi mapulasitiki pa mipando. Kupita ku Chipata, kubwera, kupita, kubwera. Tsiku ndi limodzi lomwe sindinatumidwepo kukalipira road tax. Ngati ndikunama, mundichotse."

Sankanama. Zaka zonse za ku embase sanatumidwepo, ndipo ya chaka chimodzi ija inalipidwa ndi wa mu ofesi iwo osadziwa. Amayi oyang'anira atafunsa chaka choyamba chitatha ngati pali chofunika kulipira, anafunsa munthu yemwe ankaidziwa galimotoyo kuposa wina aliyense, ndipo iye anayankha zomwe anaona ndi maso ake. Kalata ya mphatso inagwirizana nazo. Mboni ziwiri zoona zinabala bodza limodzi.

Ena mu komiti anafuna kuti ngongole ichotsedwe pa malipiro a adalaivala. Ndinakana, ndipo apa pokha ndinalankhula mosazungulira. Ntchito ya dalaivala ndi kuyendetsa ndi kusamala galimoto. Mwini wake pa buku ndi matrasti, ndipo ena mwa matrastiwo anali atakhala pomwepo. Kuti amvetse chifukwa chake ufulu wa embase sunabwere ndi galimoto, ndinawafunsa kuti munthu akagula jekete ya msilikali pa salaula ku Soweto Market, kodi amaloledwa kulowa mu baraki? Anaseka, ndipo nkhani ya kukhululukidwa inathera pomwepo.

Msungichuma anadandaula kuti amalipira kale pa toll gate komanso pa mafuta, ndiye misewu yomweyo ailipire kangati. Dandaulo limeneli ndimalimva sabata iliyonse ndipo sindilinyoza. Koma kulipira chimodzi sikuchotsa chinzake.

Anali atawerengera kale ngongoleyo potengera risiti yakale ija, kuchulukitsa ndi zaka. Ndinamuchenjeza kuti ndalamazo ziperewera. Mitengo yambiri ya boma imalembedwa m'ma fee unit, muyeso womwe boma limauikira mtengo wake, osati m'makwacha, ndipo mu 2024 fee unit inakwera kuchoka pa 30 ngwee kufika pa 40 ngwee. Anaiwalanso carbon tax, chindapusa choyendetsa galimoto yopanda laisensi, ndi zokonza kuti ipambane fitinesi. Lamulo langa ndi lakuti ndisatchule chiwerengero kwa komiti ndisanatenge chosindikizidwa ku kauntala, chifukwa nambala yoyamba yomwe anthu amva ndi yomwe amakumbukira, ndipo ikakwera amati ejenti wadyapo.

Kenaka panabwera maganizo awiri, ndipo onse akanatigwetsa m'dzenje lakuya kuposa lomwe tinalimo.

Loyamba linali la mkulu wina wa mpingo yemwe ali ndi famu ku Chongwe. Anati poti galimotoyo yakalamba ndipo yabweretsa mavuto, iye aigule, alipire ngongole yonse, ndipo mpingo uwonjezere pang'ono n'kugula kagalimoto kakang'ono kosadya mafuta. Ambiri anagwedeza mutu kuvomera. Mtengo womwe anatchula sunali woipa. Ndinatulutsa red book n'kuiyika pa tebulo. Buku lofiira limatanthauza kuti dyuti siinalipidwe, inangoimitsidwa chifukwa cha yemwe akugwiritsa ntchito galimotoyo ndi ntchito yomwe ikugwira. ZRA ikadali ndi dzanja pa galimoto yotero. Singagulitsidwe kwa munthu wamba popanda chilolezo chawo, ndipo dyuti yomwe angawerengere iyenera kulipidwa buku lisanasanduke loyera. Akanangolemberana kalata ya malonda pa pepala la mu kope n'kupatsana makiyi, monga timachitira ambiri, mkuluyo akanakhala ndi galimoto yosatheka kuilemba m'dzina lake, ndipo mpingo ukanayika pa chiswe mbiri yake ya PBO, yomwe ndi yomwe imawalowetsera mankhwala ndi zipangizo. Apa ndiye chikhululukiro chenicheni chomwe anali nacho chinaonekera, ndipo chinaoneka ngati chingwe osati ngati mphatso. Walira mvula walira matope. Mkuluyo atamva za dyuti anabweza mawu ake mwakachetechete.

Lachiwiri linali la msungichuma, ndipo analinena motsitsa mawu. Bwanji tinene kuti galimotoyo inali pa galaja nthawi yonseyi? Panali ka choonadi pang'ono: inakhaladi miyezi inayi pa galaja ina ku Kalingalinga pampu ya dizilo itafa, ndipo job card inalipo. Koma miyezi ina yonse inali m'buku la maulendo lomwe adalaivala ankalemba mosadumpha tsiku, deti, komwe apita, ndi makilomita. Komanso galimotoyo inagwidwa ili pa msewu, itasenza makala. Ndinati bodza limenelo sindiliyendera, ndipo akafuna apeze ejenti wina. Ngakhale miyezi inayi yoonayo sinatithandize, chifukwa palibe analemba kalata yodziwitsa pa nthawiyo kuti galimoto yaima. Kompyuta siona kusiyana pakati pa galimoto yomwe ili pa majeke ndi yomwe ili pa msewu ngati simunanene. Kuyambira pamenepo, kasitomala wanga aliyense galimoto ikaima nthawi yaitali timalemba kalata sabata yomweyo n'kusunga kope yodindidwa.

Buku la maulendo lomwelo linandionetsa china chomwe palibe anandifunsa. Maulendo a kumaliro anali ambiri. Ochuluka anali a mamembala, abale akungothira mafuta, ndipo pamenepo sindinaone choopsa chachikulu. Koma atatu anali a anthu akunja, ndipo m'buku la malisiti a kachipatala munalembedwa poyera kuti ndalama ya hayala. Katundu wolowa pa rebate amayenera kugwira ntchito yomwe anapemphedwera. Galimoto yothandiza odwala ikayamba kupanga ndalama ya hayala, mwini wake wadzitsegulira mafunso omwe sangawayankhe bwino, kwa a kasitomu komanso kwa a inshuwalansi tsiku la ngozi. Ndinawauza abusa paokha, osati pa gulu, chifukwa mmodzi mwa maulendowo anavomereza ndi iwo. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati alemba okha lamulo latsopano la kagwiritsidwe ntchito ka galimoto ndipo aliwerenga pa guwa. Anachitadi.

Kulipira

Mbali iyi ndi yomwe tonse timaidziwa, ndiye ndingodutsamo. Chindapusa chinalipidwa ndipo risiti ya boma ili mu fayilo. Inshuwalansi inali yamoyo, chifukwa kampani yake inkawakumbutsa chaka chilichonse pa foni, ndipo ichi chokha n'chomwe sichinadumphidwepo. Road tax situluka popanda inshuwalansi ndi fitinesi, ndiye fitinesi inayenera kutsogola.

Chosankha chimodzi chomwe anandidandaula nacho chinali cha kanyamulidwe. Adalaivala anati atha kuizembetsa m'mamawa kudutsa njira za mkati mpaka ku galaja. Ndinati ayi, inyamulidwe pa lole ya breakdown. Zinadya ndalama, koma galimoto yomwe yangotuluka kumene pa mlandu wa laisensi ikagwidwanso sabata yomweyo pa mlandu womwewo, palibe angamvere nkhani yanu ya kalata ya ku embase. Pa galaja anasintha matayala awiri, ma ball joint ndi galasi lakutsogolo lomwe linali ndi mng'alu. Ku Mimosa, komwe RTSA imayezera magalimoto, inapambana ulendo woyamba, ndipo oyeza anayamikira momwe injini inasamalidwira. Adalaivala anayenda chotukula mapewa tsiku limenelo, ndipo kunali koyenera.

Ndalama za ngongole zinachedwa. Thumba la kachipatala silinakwanitse, ndipo ndinawaletsa kutenga pa ndalama za mankhwala zochokera kwa opereka chithandizo, chifukwa zimenezo zili ndi malipoti ake. Panachitika chopereka chapadera Malamlungu awiri, amayi a chigwirizano anawonjezera za m'bokosi lawo, ndipo mkulu wa famu uja, mwina pofuna kufufuta nkhani ya malonda, anamaliza zotsala. Tinalipira ngongole yonse pamodzi ndi chaka chathunthu cha kutsogolo. Msungichuma ankafuna miyezi itatu yokha kuti apume, koma ndinaumirira, podziwa kuti anthu omwe sanazolowere kulipira akhoza kuiwalanso pa kota yachiwiri.

Pa malipiro anga ndinachotsapo za masabata atatu aja. Amayi oyang'anira anafunsa chifukwa chake, ndipo ndinawauza.

Zomwe zinasintha pambuyo pake ndi zazing'ono. Tsamba loyamba la chikwatu cha buluu tsopano ndi pepala limodzi lolembedwa m'Chinyanja: chomwe galimotoyi inakhululukidwa, yemwe anakhululukira, zomwe siziloledwa chifukwa cha kukhululukidwako, ndi zomwe ziyenera kulipidwa chaka chilichonse ndi madeti ake. Pepala lotere tsopano ndimalembera bungwe lililonse lolandira galimoto ya mphatso, kaya yachokera ku embase, ku bungwe la kunja, kapena yagulidwa pa okushoni ya magalimoto a GRZ, komwe nkhani yake imafanana ndi iyi. Ndimapemphanso kuti tsiku lopereka makiyi ndikhalepo, ndipo kwaya ikamayimba ine ndimakhala ndikuwerenga buku la galimoto. Mdzukulu wa adalaivala anawaphunzitsa kuona za laisensi pa ZamPortal, tsamba la boma la pa intaneti, koma iwo amakhulupirirabe kapepala komwe anamata kuseri kwa chotchinga dzuwa, pomwe analemba madeti atatu ndi cholembera chofiira.

Mawu akuti AMBULANCE akadalipo m'mbali mwa galimoto, ndipo buku likunenabe kuti station wagon. Ndinawauza kuti penti si chikalata, ndipo akafuna kuti izindikirike ngati ambulansi ayenera kuikonza moyenera ndi kukasintha m'kaundula. Komiti inati idzaona chaka chamawa.

Tsiku lomwe ndinapita kukasiya disiki yatsopano, amayi oyang'anira anandiperekeza mpaka pa geti, kenaka anaima ngati akumbukira china.

"Atate, nanga njinga zija nazonso zimafuna ka pepala aka?"

"Njinga ziti, amayi?"

Ananditengera kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu. Pansi pa lona panali njinga zamoto ziwiri za Yamaha, zomwe alangizi a zaumoyo amayendera m'makomboni. Zinabwera tsiku limodzi ndi Land Cruiser, pa kalata yomweyo ya mphatso. Mabuku ake sakudziwika komwe ali, ndipo imodzi inali ikadali yofunda injini. Fayilo yake ndaitsegula sabata yatha.